Tsamba lathu la mafunso a database likutsegulidwanso: tichite nawo bwanji mafunso akale?

Mbewe

Moni nonse a m'gulu lino. Ntchito yokonza tsamba lathu la mafunso a database, lomwe lakhala chotseka kwa nthawi yaitali, yafika poti tikhoza kuyamba kukambirana zolitsegulanso. Seva yatsopano ikuyenda bwino, maonekedwe a tsamba akonzedwa kuti code iziwerengeka ngakhale pa foni, ndipo nkhokwe yonse ya mafunso akale inasungidwa, palibe funso lomwe linatayika. Chatsala ndi mfundo ziwiri zimene sindingazigamule ndekha. Kodi mafunso akale aja tiwabwezeretse onse monga momwe analili, kapena tiyambe tawaunika limodzi ndi limodzi? Nanga mndandanda wa opambana, uja unkasanja anthu potengera mayankho olondola komanso liwiro loyankhira, ukhalepobe? Maganizo anga ndi akuti titsegule msanga ndi zonse zimene tili nazo, popeza anthu akhala akufunsa kawirikawiri, koma ndikupempha a Nabanda ndi ena amene ankalemba mafunso kuti atithandize nzeru tisanachite chilichonse.

Nabanda

Zikomo kwambiri a Mbewe, ntchito mwagwirayi si yaing'ono. Pa funso loyambalo ine ndikukana kubwezeretsa mafunso osaunikidwa, ndipo mundilole ndifotokoze mwatsatanetsatane. Funso la SQL, chinenero chofunsira deta mu database, limatha kukhala loona chaka chimene linalembedwa, kenaka n'kusanduka labodza popanda munthu kulisintha ngakhale chilembo chimodzi, chifukwa chimene chasintha ndi database yeniyeniyo. Mafunso athu ambiri analembedwa chisanafike chaka cha 2018, ndipo kuchokera nthawi imeneyo zinthu zingapo zimene tinkaphunzitsa ngati zokhazikika zinatembenuka.

Tengani MySQL. Kwa zaka zambiri munthu akalemba CHECK constraint (lamulo loti mzere uliwonse ulitsatire) popanga tebulo, MySQL inkailandira osadandaula koma sinkaitsatira konse, moti mzere wophwanya lamulolo unkalowa bwinobwino. Tinali ndi mafunso okola anthu pa mfundo imeneyi, ndipo yankho lolondola linali lakuti mzerewo ulowa. Kuyambira version 8.0.16, ya mu 2019, MySQL imaukana mzere wotero, kutanthauza kuti amene angayankhe molondola lero, tsamba lathu limuuza kuti walakwa. N'chimodzimodzi ndi mafunso amene ankaphunzitsa kupatsa mizere manambala pogwiritsa ntchito ma user variable chifukwa choti MySQL inalibe ROW_NUMBER. Version 8.0 ya mu 2018 inabweretsa ma window function, monga ROW_NUMBER yemweyo, ndi ma CTE (query yaing'ono yopatsidwa dzina kuti igwiritsidwe ntchito mu query yaikulu), ndipo njira yakale ija tsopano ndi chizolowezi chofunika kuchisiya.

Ku PostgreSQL nako, isanafike version 12 ya mu 2019, CTE iliyonse inkawerengedwa payokha n'kusungidwa kaye, ndipo tinkachenjeza anthu kuti planner (gawo la database losankha njira yoyendetsera query) singathe kulowetsamo WHERE wa kunja kwake. Tsopano CTE imene yatchulidwa kamodzi kokha, yosadzibwereza komanso yosasintha deta, imaphatikizidwa mu query yaikulu pokhapokha wolemba aikepo MATERIALIZED. Mu Oracle, BOOLEAN (mtundu wa deta wa zoona kapena zabodza) ankapezeka mu PL/SQL mokha, chinenero cha Oracle cholembera mapulogalamu, ndipo SELECT iliyonse inkafuna FROM, ngakhale atakhala wa DUAL, tebulo lapadera la mzere umodzi, koma mu version 23 zonse ziwirizi zinasintha. Anthu amabwera pa tsamba lathu kuti luso lawo linoledwe, ndiye sindikuona kuti n'chilungamo kuwachotsera mapointi chifukwa chodziwa zimene database ikuchita lero.

Phiri

Zitsanzo za a Nabanda sindingazitsutse, koma nkhawa yanga ili pa nthawi. Ounika mafunso tonse ndife ongodzipereka, masana timakhala pa ntchito zathu, ndipo kudutsa nkhokwe yonse kungatitengere miyezi yambiri. Tsamba limene lakhala kale chotseka likapitiriza kutero anthu adzaliiwala kotheratu. Komanso ndikuona kuti mafunso ambiri sakhudza zinthu zosinthasintha. Momwe NULL (chizindikiro chakuti pamalopo palibe deta) amagwirira ntchito, kusiyana kwa INNER JOIN ndi LEFT JOIN, kwa WHERE ndi HAVING, kwa COUNT(*) ndi COUNT ya kolamu imodzi, zonsezi zakhala chomwecho kwa zaka makumi angapo. Funso lija la NOT IN pa subquery yokhala ndi NULL linkakola anthu kale ndipo lidzawakolabe mawa. Bwanji osatsegula ndi mafunso a mtundu umenewu, n'kuwatcha kuti SQL ya paliponse, ena aja n'kumawaunika pang'onopang'ono tsamba lili lotsegula?

Pa za mndandanda wa opambana ndilankhule mosabisa. Ndi umene unkatichititsa ambiri a ife kubwera tsiku lililonse, ngakhale titatopa, ndipo ndikuopa kuti tikauchotsa tichotsa chimene chinkasonkhanitsa anthu.

Chisomo

Akuluakulu, ine ndine watsopano m'gulu lino ndipo tsamba lakale ndinalipeza litatsala pang'ono kutsekedwa. A Phiri, ndikupempha mundifotokozereko msampha wa NOT IN mwautchulawo, chifukwa ndimaumva ukutchulidwa koma sindinaumvetsetse bwino. Pa za mndandanda, ndingonenako kuti kwa ife ongoyamba kumene, wotchi yowerenga masekondi pamwamba pa funso inkatichititsa kusankha yankho tisanamalize kuwerenga code, ndipo tikatha kuyankha maso ankathamangira ku mapointi, kufotokoza kwa pansi kuja n'kukusiya osawerenga.

Phiri

Takulandirani a Chisomo. Tiyerekeze kuti muli ndi tebulo la makasitomala ndi la maoda, ndipo mukufuna kupeza makasitomala amene sanagulepo kanthu. Mukulemba kuti WHERE id NOT IN (SELECT customer_id FROM orders). Ngati mu kolamu ya customer_id muli NULL ngakhale mmodzi yekha, query imeneyi siibweza mzere uliwonse. Chifukwa chake n'chakuti SQL siyankha kuti zoona kapena zabodza basi, ili ndi yankho lachitatu lakuti sizikudziwika. Kulemba 5 NOT IN (1, 2, NULL) n'chimodzimodzi kunena kuti 5 ndi wosiyana ndi 1, ndiponso ndi wosiyana ndi 2, ndiponso ndi wosiyana ndi NULL. Ziwiri zoyambazo ndi zoona, koma chachitatucho sichikudziwika, choncho mfundo yonse imakhala yosadziwika, ndipo WHERE amangolola mizere imene mfundo yake yatuluka yoona. Choopsa n'chakuti database sidandaula chilichonse, imangobweza zotsatira zopanda kanthu, ndipo wolemba lipoti amakhulupirira kuti kasitomala aliyense anagulapo. Njira yabwino ndi kugwiritsa ntchito NOT EXISTS, kapena kuchotsa ma NULL mkati mwa subquery ndi IS NOT NULL.

Mwale

A Phiri, kufotokoza kwanuko n'komveka ndipo kumagwira pa ma database onse amene timawagwiritsa ntchito. Koma dzina lakuti SQL ya paliponse likundidetsa nkhawa, chifukwa zinthu zofanana paliponse n'zochepa kuposa momwe timaganizira. Muyezo wa SQL ulipodi, bungwe la ANSI linauvomereza mu 1986, la ISO mu 1987, ndipo wakhala ukukonzedwanso mpaka wa 2023, koma palibe database imene imautsatira wonse. Funsani funso looneka losavuta lakuti 5/2 ibweza chiyani. PostgreSQL, SQL Server ndi SQLite ziyankha 2, chifukwa manambala onse awiri ndi ma integer, pomwe Oracle ndi MySQL ziyankha 2.5. Funsani ngati string yopanda chilembo chilichonse ili NULL, Oracle ivomera, enawo akana. Sanjani kolamu yokhala ndi ma NULL kuyambira chaching'ono, PostgreSQL ndi Oracle ziwaika kumapeto, pomwe MySQL, SQL Server ndi SQLite ziwaika koyambirira. Ngakhale pa ma transaction, magulu a malamulo amene database imawatenga ngati ntchito imodzi, zili choncho. Munthu akawerenga mzere kawiri mkati mwa transaction imodzi, mnzake atausintha n'kuchita COMMIT pakati pa maulendo awiriwo, PostgreSQL ndi Oracle zimuonetsa chatsopanocho chifukwa zimayambira pa READ COMMITTED, koma MySQL ya InnoDB imuonetsa chakale chija chifukwa imayambira pa REPEATABLE READ.

Choncho pempho langa ndi lakuti pamwamba pa funso lililonse pazilembedwa database yake ndi ma version amene layesedwapo, ndipo kuyesako kusakhale kwa maso okha. Funso likhale ndi script yopanga matebulo ndi kuikamo deta, yankho lililonse losankhapo likhale code yotheka kuyendetsa, ndipo zotsatira zoyembekezeka zisungidwe. Tikatero makina akhoza kuyendetsa nkhokwe yonse pa ma container a Docker (malo apadera oyendetseramo pulogalamu payokha) okhala ndi ma version osiyanasiyana, n'kutisonyeza mafunso amene zotsatira zake sizikugwirizananso ndi yankho losungidwa. PostgreSQL imatulutsa version yaikulu chaka chilichonse n'kuisamalira kwa zaka 5, kotero kuunikaku kuyenera kumabwerezedwa version yatsopano ikatuluka, apo ayi zaka zingapo zikubwerazi tidzakhalanso pa nkhani yomweyi. Izi zikuchepetsanso nkhawa ya a Phiri, popeza anthu azidzathera mphamvu zawo pa mafunso amene makina awakayikira ndi amene alibe script.

Kamanga

Ine ndimaphunzitsa za database, choncho ndilankhula pa funso lachiwiri lija kuchokera kumbali ya wophunzira. Kuyankha mafunso kumathandizadi kukumbukira kuposa kungowerenga. Mu 2006 akatswiri a zamaganizo Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anasonyeza kuti ophunzira amene anayesedwa kukumbukira nkhani imene anawerenga, patatha sabata anaikumbukira bwino kuposa anzawo amene anangoiwerenga mobwerezabwereza. Kale kwambiri, mu 1885, Hermann Ebbinghaus anali atasonyeza kuti zambiri zimene munthu waphunzira zimaiwalika msanga m'maola ndi masiku oyambirira, kenaka kuiwalako kumachepa liwiro. Phindu la tsamba ngati lathu lagona pamenepa. Munthu amakakamizika kulosera zimene database ichite asanaone yankho, ndipo akaphonya mutu wake umakhala wokonzeka kumva chifukwa chake. Zonsezi zimachitika popanda wotchi.

Tsamba lakale linkataya phindu limeneli m'njira ziwiri. Funso ukaliyankha silinkabweranso, ngakhale utaliphonya, pamene funso lophonyedwalo ndilo loyenera kukubwerera patapita masiku angapo, kenaka patapita masabata, makamaka litasinthidwa maina a matebulo ndi manambala kuti usangokumbukira malo a yankho. Chachiwiri, kufotokoza kunkangonena chifukwa chimene yankho lolondola lili lolondola. Wophunzira amene wasankha yankho lolakwika ali ndi maganizo enaake m'mutu mwake amene amusokeretsa, ndipo amafunika kuuzidwa kuti maganizo amenewo alakwika pati. Ndikupempha kuti funso lisavomerezedwe ngati yankho lililonse losankhapo lilibe kufotokoza kwakekwake.

Pa za liwiro, akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma pa tsamba lakale anthu sankayambira limodzi. Wina intaneti yake inali yothamanga pomwe ya mnzake inkachedwa kutsegula funso, wina ankaona code yonse pa kompyuta pomwe mnzake ankaisuntha ndi chala pa foni, ndipo wina ankawerenga funso m'chinenero chimene anachiphunzira ali wamkulu. Masekondi amene ankasiyanitsa anthu pamwamba pa mndandanda nthawi zambiri ankayesa zinthu zimenezi, osati kudziwa SQL.

Phiri

A Kamanga, mfundo yobwereza mafunso ophonyedwa ndaivomera ndi mtima wonse. Koma wotchi inali ndi ntchito ina imene simunaitchule, yomwe ndi kuletsa kubera. Popanda malire a nthawi munthu akhoza kukopera funso, kuliyendetsa pa database yake kapena kulipereka ku pulogalamu ya AI, n'kukhala pamwamba pa mndandanda asanaganize ngakhale pang'ono. Zimenezi zikayamba, amene amayankha ndi mutu wawo adzafooka ndipo adzachoka. Mpikisano wopanda chitetezo chilichonse ine sindikuukhulupirira.

Nabanda

A Phiri, wotchi ya masekondi singaletse zimene mukuopazo, chifukwa mapulogalamu amenewo amayankha msanga kuposa munthu amene akuwerenga code mosamala, ndiye amene wotchiyo imamulanga ndi woona mtima uja. Komanso kuyendetsa code ndi kuwerenga documentation ndi zimene timachita tsiku lililonse pa ntchito, ndipo kwa wophunzira si kubera ayi. Ine ndikuganiza kuti tigawe tsamba pawiri. Gawo lophunzirira likhale lopanda wotchi ndiponso lopanda mndandanda, munthu azingoona mitu imene akuchita bwino ndi imene ikumuvuta. Mpikisano ukhale wa pa sabata, wolowa amene wafuna, wokhala ndi malire a nthawi okwanira kuwerenga bwino, koma osasanja anthu ndi masekondi.

Ndiwonjezereko pa maganizo a a Mwale, amene ndikugwirizana nawo. Makina sangaone zonse. Funso limene yankho lake likudalira kasanjidwe ka mizere pomwe query ilibe ORDER BY likhoza kupambana mayeso a makina kambirimbiri, komabe ndi funso lolakwika, chifukwa palibe database imene imalonjeza kasanjidwe popanda ORDER BY. Mafunso ofunsa ngati database igwiritsa ntchito index (mlozera wothandiza kupeza mizere msanga) nawonso ndi ovuta, popeza yankho limadalira kuchuluka kwa mizere ndi ma statistics amene planner ili nawo, ndipo pa tebulo laling'ono kuwerenga tebulo lonse kumakhala kosavuta kuposa kudutsa mu index. Kufotokoza kokalamba nakonso makina sangakuzindikire. Pa chifukwa chimenechi funso lililonse lidutsebe m'maso mwa munthu wina amene sanalilembe, ndipo pa tsamba pakhale batani lotsutsira yankho, kuti wotsutsayo akapezeka kuti akunena zoona funso likonzedwe ndipo mapointi abwezedwe kwa onse amene anayankha ngati iye.

Chisomo

Zikomo a Phiri, tsopano ndamvetsa, ndipo ndayesa pa kompyuta yanga zachitikadi monga mwanenera. Zimenezi zandipatsa funso lina. Kodi n'zotheka kuti pa gawo lophunzirira pakhale malo olembapo query n'kuiyendetsa pomwepo, munthu atatha kuyankha, kuti aone ndi maso ake zimene kufotokoza kukunena ndiponso ayese kusintha pang'ono?

Mwale

N'zotheka a Chisomo, koma pafunika kusamala. Njira yosavuta ndi SQLite, imene ikhoza kuyenda mkati mwa browser kudzera mu WebAssembly, moti code ya wophunzira siifika konse pa seva yathu. Vuto lake ndi limene ndinatchula kale lija. SQLite imalola mawu kulowa mu kolamu wamba ya INTEGER pokhapokha tebulo litapangidwa kukhala STRICT, njira imene inabwera mu 2021, choncho singakhale mboni ya funso la PostgreSQL kapena la Oracle. Pa mafunso amenewo pafunika seva ina yapadera, yopatsa munthu aliyense database yakeyake yotayidwa akamaliza, ndi user wopanda mphamvu zambiri komanso malire a nthawi imene query ingayende, chifukwa CROSS JOIN imodzi ya matebulo aakulu, imene imaphatikiza mzere uliwonse wa tebulo lina ndi mizere yonse ya linzake, ikhoza kutsamwitsa seva yonse. Seva imeneyo isakhudzane mwa njira iliyonse ndi imene ikusunga maakaunti a anthu. Ine ndikanakonda kuti zimenezi zibwere pambuyo potsegula, ndipo poyamba tingoika script ya funso lililonse kuti munthu aikopere n'kukaiyendetsa kwake.

Popeza ndatchula maakaunti, a Mbewe, ndikupempha kuti mapasiwedi akale tisawasamutsire ku tsamba latsopano. Aliyense apange pasiwedi yatsopano, ndipo isungidwe ndi bcrypt kapena Argon2, njira zobisira mapasiwedi. Code ya tsamba lenilenilo iunikidwenso kuti paliponse pamene ikulandira zolemba za munthu ikugwiritsa ntchito ma bind parameter, osati kulumikiza zolembazo mwachindunji mu query, chifukwa ife amene timalemba mafunso a SQL injection, kuthyola database polowetsa malamulo a SQL m'malo olembamo a pa tsamba, tiyenera kukhala oyamba kudziteteza ku vutoli.

Mbewe

Mwandikhutiritsa kuti tisatsegule ndi nkhokwe yonse. Tidzatsegula ndi mafunso okhawo amene ali ndi script, ayendetsedwa pa ma version amene akusamalidwa pano, ndipo awerengedwa ndi munthu wachiwiri, ngakhale atakhala ochepa poyamba. Ena adzalowa akamapambana kuunikako. A Mwale, ndikupatsani nkhokwe yonse kuti muyambe kukonza ma container, ndipo za mapasiwedi ndichita monga mwanenera. A Kamanga, ndikupempha mulembe malangizo a olemba mafunso, makamaka za kufotokoza yankho lililonse ndi za nthawi imene funso lophonyedwa liyenera kubwerera. A Chisomo, ngati mungalole, mukhale m'gulu loyamba loyesa tsamba tisanalitsegulire aliyense, chifukwa funso limene ife akale timaliona lomveka nthawi zina silimveka kwa woyamba kumene. Zogawa tsamba pawiri ndazivomera, koma ndikufuna kumva kwa a Phiri ngati mpikisano wa pa sabata wopanda masekondi ungawakwanire.

Phiri

Ungandikwanire, ngakhale ndikukayikabe ngati anthu azidzabwera tsiku lililonse monga kale, ndipo ndikupempha kuti tidzaunikenso mfundoyi tikaona momwe anthu akulowera. Chimene chatsala ndi chakuti tikachotsa masekondi anthu ambiri azidzafanana mapointi pamwamba pa mndandanda. Maganizo anga ndi akuti mpikisano uliwonse uzithera ndi funso limodzi lovuta lopanda mayankho osankhapo, loti munthu alembe yekha query n'kuiyendetsa pa deta imene sanaione, yokhala ndi ma NULL ndi mizere yobwerezabwereza. Mafunso otere ndikudzipereka kuwalemba.

Nabanda

Lembani a Phiri, ine ndiziwaunika, koma sabata imene funso lanu lalowa inuyo ndi ine tisapikisane nawo. Funso lotere lidikira seva yapadera ija a Mwale atchula, choncho mpaka itakonzeka ofanana mapointi azingokhala pa nambala imodzi. A Mbewe, potumiza nkhokwe ija muikemo chaka chimene funso lililonse linalembedwa ndi database imene wolemba ankaganizira, ngati zinasungidwa. Ine ndiyamba ndi mafunso a MySQL olembedwa chisanafike chaka cha 2018, kenaka onse otchula CTE mu PostgreSQL.